Ulangizi wa pafoni: kodi yankho limodzi limadya ndalama zingati, nanga amalipira ndani?

Masiku ano pa misonkhano ya alimi otsogolera sipalephera kutuluka nkhani ya mafoni oyankha mafunso a ulimi. Mlimi amajambula tsamba la chimanga lomwe mbozi zaboola, amatumiza pa WhatsApp, ndipo mphindi isanathe yankho lafika m'Chichewa. Ena mwa inu mwayesapo kale Ulangizi, pulogalamu yomwe bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa kuno ku Malawi mu 2024. Pulogalamuyi imagwiritsa ntchito luso la ChatGPT pamodzi ndi buku la malangizo la Unduna wa Zaulimi. Ku Kenya, Ethiopia, Nigeria ndi India kuli inanso yotchedwa Farmer.Chat, ya bungwe la Digital Green. Zonsezi zimayendera AI, lomwe ndi luso la makompyuta lotha kuwerenga funso ndi kulemba yankho ngati munthu.

Funso lomwe alimi amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti, "Alangizi, kodi zimenezi n'zaulere?" Inu mumangogula bandulo, n'zoona. Koma yankho lililonse lomwe mwalandira pali wina amene walilipira, ndipo walipira m'madola. Mtengo umenewu ukukhudzani m'njira zitatu. Ndi umene umagamula ngati pulogalamuyo idzapitirire thandizo la mabungwe likadzatha, ngati idzayambe kukulipiritsani, komanso ngati malangizo ake ndi oti n'kuwadalira m'munda.

M'nkhaniyi tiona mitengo yomwe makampani a AI amalipiritsa anthu opanga mapulogalamu, momwe opangawo amaifananizira, ndi mafunso omwe inu muyenera kufunsa pulogalamu yotere ikafika m'mudzi mwanu.

Mwini chigayo ndi mwini injini

Taganizirani munthu amene wamanga nyumba ya chigayo pamsika. Wagula sefa ndi malamba, walemba ntchito wogayitsa, koma injini si yake. Injiniyo ili ndi mwini wake, amene amamulipiritsa pa ndowa iliyonse yomwe yagayidwa. Mapulogalamu ambiri a ulangizi wa pafoni amayenda chomwecho. Opanga pulogalamu amakonza mbali yomwe inu mumaiona, monga nambala ya WhatsApp, malonje, ndi mabuku a ulimi omwe makinawo ayenera kutsatira. Injini yomwe imawerenga funso lanu ndi kulemba yankho ili m'makompyuta akuluakulu kunja kwa dziko lino, ndipo eni ake ndi makampani owerengeka.

Odziwika kwambiri ndi awa: OpenAI, eni ake a ChatGPT ndi ma injini otchedwa GPT, Anthropic, eni ake a Claude, ndi Google, eni ake a Gemini. Atatuwa ndi a ku America. Ku China kuli DeepSeek, ku France kuli Mistral. Kampani ya Meta, yomwenso ndi eni ake a Facebook ndi WhatsApp, inatulutsa injini yotchedwa Llama, yomwe munthu akhoza kuitenga n'kuiyika m'makompyuta ake.

Kampani iliyonse ili ndi ma injini angapo: yaikulu yomwe imatha mafunso ovuta koma yodula, yapakatikati, ndi yaing'ono yomwe imayankha msanga komanso yotchipa. Munthu wamba amene akufuna ChatGPT yolipira pafoni yake amapereka $20 pamwezi. Opanga mapulogalamu salipira motero. Iwo amalipira molingana ndi kuchuluka kwa ntchito yomwe injiniyo yagwira, monga momwe mita ya madzi imawerengera.

Muyeso wake ndi tokeni

Chimanga timagulitsa pa kilogalamu, mafuta a galimoto pa lita. Makampani a AI amagulitsa pa tokeni. Tokeni ndi kachidutswa ka mawu. Makina akalandira chiganizo amachiduladula m'tizidutswa, ndipo tizidutswa timeneti ndi timene amawerengera mtengo. M'Chingerezi, matokeni 1,000 amakwana mawu pafupifupi 750.

Mtengo umalengezedwa pa matokeni 1 miliyoni, ndipo umakhala pawiri. Pali mtengo wa matokeni olowa, omwe ndi mawu onse amene injini yapatsidwa kuti iwerenge. Palinso mtengo wa matokeni otuluka, omwe ndi mawu amene injini yalemba poyankha. Otuluka amadula kuposa olowa, kawirikawiri kanayi kapena kasanu, chifukwa kulemba kumadya mphamvu zambiri za kompyuta kuposa kuwerenga.

Dziwani kuti matokeni olowa si funso lanu lokha ayi. Mukalemba kuti "chimanga changa chikuchita chikasu, nditani?" pulogalamu siitumiza mawu asanu okhawo. Imaphatikizapo malamulo omwe opanga anaipatsa, masamba a m'buku la ulimi okamba za kusowa kwa chakudya m'nthaka, ndiponso zomwe munakambirana nayo poyamba. Choncho funso lalifupi likhoza kupita ku injini litanyamula matokeni zikwi zingapo.

Mitengo yomwe makampani analengeza

Nayi mitengo ya ma injini ena odziwika, pa matokeni 1 miliyoni, monga momwe inalili pa nthawi yomwe yatchulidwayo. Mitengoyi imasintha kawirikawiri, choncho cholinga apa n'kuona kusiyana kwake.

- GPT-4 ya OpenAI, Malichi 2023: olowa $30, otuluka $60.
- Claude 3 Haiku ya Anthropic, Malichi 2024: olowa $0.25, otuluka $1.25.
- Claude 3.5 Sonnet ya Anthropic, Juni 2024: olowa $3, otuluka $15.
- GPT-4o mini ya OpenAI, Julaye 2024: olowa $0.15, otuluka $0.60.
- GPT-4o ya OpenAI, Ogasiti 2024: olowa $2.50, otuluka $10.
- Gemini 2.0 Flash ya Google, Febuluwale 2025: olowa $0.10, otuluka $0.40.
- DeepSeek V3, Febuluwale 2025: olowa $0.27, otuluka $1.10.
- GPT-5 ya OpenAI, Ogasiti 2025: olowa $1.25, otuluka $10.

Zinthu ziwiri zikuonekeratu pa mndandandawu. Choyamba, mitengo yatsika mofulumira. Mu Malichi 2023 matokeni olowa 1 miliyoni anali $30 pa GPT-4, ndipo patangopita miyezi 16 kampani yomweyo inatulutsa injini yaing'ono ya $0.15, kutsika ka 200. Chachiwiri, kusiyana kwakukulu sikuli pakati pa kampani ina ndi inzake, koma pakati pa injini yaikulu ndi yaing'ono. Ma injini aang'ono a makampani osiyanasiyana ali pafupifupi mtengo umodzi, akuluakulu nawonso akuyandikana.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Manambala a m'madolawa sakutiuza zambiri mpaka titawasandutsa funso limodzi la mlimi. Tiyerekeze kuti funso limodzi, pamodzi ndi malamulo ndi masamba a m'buku, ladya matokeni olowa 3,000, ndipo yankho ladya matokeni otuluka 500. Tiwerengere dola imodzi pa K1,750, pafupi ndi mtengo wa kubanki. Ichi ndi chitsanzo chabe chotithandiza kufananiza. Mtengo wa funso limodzilo ukhala motere:

- GPT-4 ya mu 2023: K210.
- Claude 3.5 Sonnet: pafupifupi K29.
- GPT-4o: pafupifupi K22.
- Claude 3 Haiku kapena DeepSeek V3: kupitirira pang'ono K2.
- GPT-4o mini: kupitirira pang'ono K1.
- Gemini 2.0 Flash: osakwana K1.

Mwina mukuti ndalama zake n'zochepa, ngakhale K29 sigula mtolo wa masamba. Koma opanga pulogalamu sayankha munthu mmodzi. Tiyerekeze kuti alimi 100,000 akufunsa mafunso khumi aliyense pamwezi. Amenewo ndi mafunso 1 miliyoni. Pa GPT-4o, bilu ya mwezi umodzi ikhala $12,500, yomwe ndi pafupifupi K22 miliyoni. Pa GPT-4o mini ikhala $750, pafupifupi K1.3 miliyoni. Pa chaka, kusiyana kwa ziwirizi kukupitirira K240 miliyoni.

Mukuona tsono chifukwa chake opanga mapulogalamu amakopeka ndi injini yaing'ono. Bungwe lomwe ndalama zake n'zowerengeka lingafikire alimi ambiri likasankha yotchipa. Koma nkhani siithera pamenepo.

Mtengo wa thumba suuza zonse

Mlimi wodziwa sagula feteleza pongoona mtengo wa thumba. Thumba la makilogalamu 50 la Urea lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni, pomwe thumba lofanana la CAN lili ndi pafupifupi 13 ndi theka. CAN akhoza kutchipirapo pathumba, koma mukawerengera mtengo wa chakudya chenicheni chomwe chimanga chilandire, mwina Urea ndiye wotchipa. Pa AI napo wopanga pulogalamu wanzeru sayang'ana mtengo wa tokeni wokha. Amafunsa kuti yankho limodzi lolondola, m'Chichewa chomveka, likumudyera zingati. Pali zinthu zisanu zomwe sizilembedwa pa mndandanda wa mitengo.

1. Chichewa chimadya matokeni ambiri. Makinawa anaphunzitsidwa kwambiri ndi zolembedwa za Chingerezi, choncho mawu ambiri a Chingerezi amawawerenga ngati tokeni imodzi. Mawu athu ndi aatali ndipo amanyamula zambiri. Liwu ngati "sindidzakugulitsaninso" ndi chiganizo chathunthu, ndipo makina amaliduladula m'tizidutswa tambiri. Kafukufuku wa akatswiri a ku yunivesite ya Oxford wa mu 2023 anapeza kuti uthenga womwewo ukhoza kudya matokeni ochuluka mpaka ka 15 m'zilankhulo zina poyerekeza ndi Chingerezi. Chichewa sichifika pamenepo chifukwa timalemba ndi zilembo zofanana ndi za Chingerezi, komabe chimadya ochuluka. Ngati yankho la Chichewa ladya matokeni owirikiza kawiri, mtengo wake nawo wawirikiza kawiri.

2. Ndowa zake n'zosiyana. Mukudziwa kuti mavenda awiri akhoza kutchula mtengo umodzi pa ndowa ya chimanga, koma ndowa ya wina ndi yophwanyidwa m'mbali kuti ilowe zambiri. Kampani iliyonse ya AI ili ndi kadulidwe kake ka mawu. Ndime yomweyo ya Chichewa ikhoza kukhala matokeni ochepa ku kampani ina ndi ochuluka ku inzake. Njira yokhayo yodziwira ndi kutumiza mafunso omwewo kwa onse n'kuona bilu.

3. Ma injini ena amayamba aganiza asanayankhe. Kuyambira kumapeto kwa 2024 kwabwera ma injini omwe amalemba kaye maganizo awo mkati asanapereke yankho. Maganizowo inu simuwaona, koma amalipiridwa pa mtengo wa matokeni otuluka. Pa chitsanzo chathu chija, funso limodzi pa GPT-5 likanakhala pafupifupi K15. Injiniyo ikadya matokeni ena 2,000 poganiza, mtengo ufika K50.

4. Mawu apakamwa ndi zithunzi zili ndi mtengo wake. Alimi ambiri amakonda kulankhula kusiyana ndi kulemba, ndipo ena kulemba kumawavuta. Kuti mawu apakamwa asanduke zolemba pamafunika makina ena omvetsera. OpenAI inalengeza $0.006 pa mphindi imodzi pa makina ake omvetsera, pafupifupi K10. Ndalamayi ikuposa kasanu ndi katatu mtengo wa yankho lolembedwa pa injini yaing'ono. Komanso si makina onse omvetsera amene amamva Chichewa. Chithunzi cha tsamba lodwala nacho chimawerengedwa ngati matokeni.

5. Yankho lolakwika ndilo lodula kwambiri. Ma injini aang'ono amachita bwino pa mafunso osavuta a m'Chingerezi, koma pa zilankhulo ngati chathu amaphonya kawirikawiri kuposa akuluakulu. Choopsa n'chakuti makinawa akalakwitsa sachita chibwibwi. Amalemba bodza mosadodoma ngati momwe amalembera zoona. Akhoza kusokoneza muyeso wa mankhwala opopera ntchemberezandonda, kapena kukuuzani kuti nkhuku zodwala chitopa zichira ndi mankhwala, pomwe chitopa chilibe mankhwala, chimangopewedwa ndi katemera.

Mfundo yachisanuyi ndiyo yaikulu kwa ife. Wopanga pulogalamu akasankha injini ya K1 m'malo mwa ya K29, wapulumutsa K28 pa funso. Koma mlimi akatsatira malangizo olakwika pa kathiridwe ka feteleza, watayapo thumba la ndalama zoposa K100,000, ndiponso zokolola za chaka chonse. Wopulumutsa ndalama ndi wina, woluza ndi wina. Chotchipa chimadula, ndipo pano wodulidwayo ndi mlimi.

Momwe opanga anzeru amachepetsera bilu

Izi sizikutanthauza kuti pulogalamu yabwino iyenera kugwiritsa ntchito injini yodula nthawi zonse. Pali njira zochepetsera ndalama popanda kuononga malangizo.

Njira yoyamba ndi kugawa ntchito. Simubwereka thirakitala kuti mupalire dimba la masamba. Mafunso osavuta, monga kutalikirana kwa mizere, amapita ku injini yaing'ono. Mafunso okhudza mankhwala, matenda a ziweto kapena chithunzi chovuta kuzindikira amapita ku yaikulu.

Njira yachiwiri ndi kumangirira injini ku buku lovomerezeka. Injini ikapatsidwa tsamba lenileni la malangizo a Unduna n'kuuzidwa kuti iyankhe kuchokera pamenepo pokha, ngakhale yaing'ono imalakwitsa mochepa. Matokeni olowa amachuluka, koma ndi otchipa kuposa otuluka.

Njira yachitatu ndi kugwiritsa ntchito kuchotsera komwe makampani amapereka. Ngati mawu omwewo, monga malamulo a pulogalamu, akutumizidwa mobwerezabwereza, makampani amawasunga n'kulipiritsa pang'ono. Ku Anthropic, kuwerenga mawu osungidwa kale kumadya gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa nthawi zonse. Ntchito yosafulumira, yomwe ingadikire mpaka maola 24, OpenAI ndi Anthropic amaichotsera theka la mtengo. Imeneyi ndi yothandiza pokonza mauthenga a nyengo omwe adzatumizidwe kwa alimi ambiri mawa lake, koma siithandiza mlimi amene waima m'munda akudikira yankho.

Njira yachinayi ndi kutenga injini yomasuka, monga Llama, n'kuiyendetsa wekha. Apa sulipira pa tokeni, koma uyenera kugula kapena kubwereka makompyuta amphamvu, kulipira magetsi osazimazima ndi akatswiri owasamala. Zili ngati kugula ng'ombe zako zolimira m'malo mobwereka. Zimapindulitsa ngati munda ndi waukulu, koma ng'ombezo zimadya ngakhale mwezi womwe sizikulima.

Mitengo ikutsika m'madola, nanga m'makwacha?

Mitengo yatsika chifukwa cha mpikisano. Makampani akulimbirana opanga mapulogalamu, ndipo makompyuta akunka nachita ntchito yambiri ndi mphamvu zochepa. Mu Januwale 2025 DeepSeek itatulutsa injini yake yoganiza pa mtengo wotsika kwambiri, mpikisanowo unakula. Kwa ife iyi ndi nkhani yabwino. Ntchito yomwe mu 2023 inkadya K210 pa funso, lero ikutheka ndi ndalama zochepa kwambiri.

Koma pali zinthu zitatu zomwe zikhoza kubweza phindu limeneli.

Choyamba ndi kwacha. Bilu imalipiridwa m'madola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pafupifupi K1,700. Wopanga pulogalamu amene amalipira $750 pamwezi akanaona bilu yake ikuchoka pa K885,000 kufika K1,275,000 tsiku limodzi, popanda kampani ya AI kukweza kalikonse. Kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki, komwe kumachedwetsa feteleza ndi mafuta, kumavutitsanso kampani yaing'ono ya kuno yomwe ikufuna kulipira bilu yotere.

Chachiwiri ndi thandizo la mabungwe. Mapulogalamu ambiri a ulangizi wa pafoni mu Africa amayamba ndi ndalama za mabungwe akunja. Tinaona mu 2025 boma la America litaimitsa thandizo lambiri lodzera ku USAID momwe ntchito zina za zaumoyo ndi ulimi zinaimira mwadzidzidzi. Pulogalamu yomwe bilu yake ikukula pamene alimi akuchuluka, koma ilibe kopezera ndalama, ili ngati mjigo womwe palibe komiti yosonkhetsa ndalama zokonzetsera.

Chachitatu n'chakuti ma injini amapuma ntchito. Makampani akatulutsa injini yatsopano, yakale amaitseka pakapita nthawi. Wopanga pulogalamu ayenera kusamukira ku yatsopano, kuiyesanso m'Chichewa, ndi kuona mtengo wake. N'chifukwa chake pulogalamu yomwe inkakuyankhani bwino chaka chatha ikhoza kusintha kayankhidwe chaka chino, nambala ya WhatsApp ili yomweyo.

Kumbukiraninso kuti bilu ya injini ndi gawo limodzi chabe la ndalama zoyendetsera pulogalamu. Pali malipiro a akatswiri a makompyuta, a akatswiri a ulimi owunika mayankho, maphunziro a alimi otsogolera, ndi mafoni. Tokeni ikatchipa sindiye kuti zonsezi zatchipa. Ndipo kwa inu, bandulo, netiweki ndi kotchajira foni ndizo zimadya ndalama zambiri kuposa yankho lenilenilo.

Mafunso oti mufunse pulogalamu ikabwera m'dera lanu

Alimi otsogolera, inu ndi amene mumaika dzina lanu patsogolo mukamauza anzanu kuti ayese chinthu chatsopano. Chikawapweteka, amabwera pakhomo panu. Safunsa anadya phula. Obweretsa pulogalamu akafika pa msonkhano wa kalabu kapena ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, afunseni izi:

- Ndani akulipira mayankhowa, ndipo alipira mpaka liti? Thandizolo likatha chidzachitike n'chiyani?
- Kodi mlimi adzayamba kulipira? Ngati ndi choncho, pa funso kapena pamwezi?
- Malangizo ake akuchokera m'buku liti? Kodi ndi ovomerezeka ndi Unduna wa Zaulimi?
- Ndani anayesa mayankho a Chichewa, ndipo ndi wodziwa ulimi wa kuno?
- Pulogalamu ikalakwitsa, tikadandaule kwa yani?
- Dzina langa, nambala yanga ndi zithunzi za munda wanga zimasungidwa kuti, ndipo akuziona ndani?
- Kodi pulogalamuyi ili ndi ubale ndi ogulitsa mbewu, feteleza kapena mankhwala?

Mafunso awiri omalizawa musawadumphe. Ngati simukulipira ndi ndalama, nthawi zina mumalipira ndi mbiri yanu. Makampani ena a AI amalola opanga mapulogalamu kugwiritsa ntchito injini mwaulere pamlingo wochepa, koma zomwe zalembedwamo akhoza kuzigwiritsa ntchito pokonza makina awo. Dziko lathu lili ndi lamulo la mu 2024 loteteza mbiri ya munthu, lomwe amaliyang'anira ndi a MACRA, choncho muli ndi ufulu wofunsa. Komanso pulogalamu yolipiridwa ndi wogulitsa mankhwala ikhoza kumakulozerani ku mankhwala ake, ngakhale pomwe kupalira msanga kapena kasinthasintha wa mbewu zikanakwanira.

Iyeseni ngati momwe mumayesera mbewu

Musanadzale mbewu yomwe mukuikayikira, mumatenga njere 100 n'kuziyesa kuti muone zingati zimere. Chitani chimodzimodzi ndi pulogalamu ya ulangizi. Musanauze gulu lanu, ifunseni mafunso omwe mayankho ake mukuwadziwa kale. Mwachitsanzo:

- Kodi mizere ya chimanga italikirane bwanji, nanga mapando? Pa kadzalidwe ka mbewu imodzi paphando, yankho ndi masentimita 75 pakati pa mizere ndi masentimita 25 pakati pa mapando.
- Feteleza wobereketsa ndithire liti? Yankho lolondola ndi pafupifupi masabata atatu chimanga chitamera.
- Nkhuku zanga zagwidwa ndi chitopa, ndigule mankhwala anji? Pulogalamu yabwino ikuuzani kuti mankhwala ochiza palibe, ndipo ikulangizani za katemera wa nkhuku zomwe sizinadwale.
- Nkhumba zanga zikufa ndi chigodola, nditani? Iyenera kukuuzani kuti musagulitse kapena kusamutsa nkhumba ndi nyama yake, ndipo mudziwitse alangizi a ziweto msanga.

Funsani funso limodzi kawiri, masiku osiyana, m'mawu osiyana. Ngati mayankho akutsutsana, chenjerani. Onaninso ngati pulogalamuyo imavomera pomwe siikudziwa n'kukutumizani kwa alangizi. Imeneyo ndi mbiri yabwino. Yomwe imayankha chilichonse mosakayika ndiyo yofunika kuiopa.

Pofunsa, tchulani zonse pa uthenga umodzi: mbewu yake, msinkhu wake, boma lomwe muli, ndi zomwe mukuona pa masamba kapena pa chiweto. Mukatero mupeza yankho lolunjika, mupulumutsa bandulo yanu, ndipo bilu ya oyendetsa pulogalamu ichepa. Pa nkhani ya mankhwala opopera ndi a ziweto, werengani zolembedwa pa botolo ndipo tsimikizani ndi alangizi musanasakanize kanthu.

Pomaliza

Alangizi ndife ochepa. M'madera ambiri mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja oposa 1,000, ndipo sangafike m'munda uliwonse pa nthawi yomwe mbozi zayamba. Kutsika kwa mitengo ya AI kwatsegula mwayi woti mlimi apeze yankho loyamba tsiku lomwelo, m'chilankhulo chake. Mwayi umenewu ndi weniweni ndipo tisautaye.

Koma kusankha injini kumachitikira kutali ndi munda wanu, ndipo amene akusankhayo akuyang'ana bilu ya m'madola. Mbali yanu ndi kuonetsetsa kuti akuyang'ananso ubwino wa yankho. Yesani pulogalamu musanaifalitse, lembani mayankho olakwika omwe mwapeza, ndipo muwapereke kwa alangizi a m'dera lanu kapena kwa obweretsa pulogalamuyo. Malipoti otere ndi amene amakakamiza opanga kukonza zolakwika, ngakhale zitafuna kuti alipire injini yodulirapo.